Mmene Mchere Umadutsira M'dongo Lotchingira Zinyalala

Zinyalala zikaunjikidwa malo amodzi, mvula n'kumagwerapo chaka ndi chaka, pansi pa muluwo pamadikha madzi akuda onunkha. Madziwa amakhala atatsuka chilichonse chimene chili m'muluwo: zakudya zowola, mabatire, zitini zadzimbiri, phulusa ndi mankhwala otha ntchito. Akatswiri amawatcha leachate, koma m'nkhani ino tiziwatcha msuzi wa zinyalala, pakuti amapangika monga momwe msuzi umapangikira mumphika. Ntchito yaikulu ya anthu okonza malo otayako zinyalala ndi kuonetsetsa kuti msuziwu usafike ku madzi a pansi pa nthaka, amene anthu amamwa kudzera m'zitsime ndi m'mijigo. Njira imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwambiri ndi kuyala dongo pansi pa dzenje ndi kulitsendera mpaka litalimba.

Munthu aliyense amene anaonapo madzi atadikha padambo amavomereza msanga kuti dongo limatchinga madzi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti michere yosungunuka m'madziwo ili ndi njira yakeyake yoyendera, ndipo imatha kudutsa m'dongo ngakhale madzi ataima chilili. Nkhani ino ikufotokoza njira imeneyi, chifukwa chake michere ina imafulumira pamene ina imatsalira, ndiponso mmene akatswiri amawerengera zaka zimene dongo lingatipatse.

Njira ziwiri zoyendera

Tiyambe ndi mchere wa m'ndiwo. Ukasungunuka m'madzi umagawanika kukhala tinthu tiwiri tosaoneka ndi maso, sodiyamu ndi kolorayidi. Kalikonse mwa tinthuti kamakhala ndi mphamvu ya magetsi: sodiyamu ali ndi mphamvu ya pulasi, kolorayidi ya mainasi, monga mbali ziwiri za batire. Tinthu totere timatchedwa maayoni. Mu msuzi wa zinyalala muli maayoni amitundumitundu. A pulasi ndi monga sodiyamu, potaziyamu, kashiamu, amoniyamu, mtovu, zinki ndi kopa. A mainasi ndi monga kolorayidi, salifeti ndi naitireti.

Njira yoyamba imene maayoni amayendera ndi yosavuta kumva: amatengedwa ndi madzi oyenda, monga chitsotso chimatengedwa ndi mtsinje. Lamulo la kayendedwe ka madzi m'nthaka analilemba ndi Henry Darcy, injiniya wa ku France, mu 1856, atayesa kudutsitsa madzi mumchenga mumzinda wa Dijon. Malamulo a maiko ambiri okhudza malo otayako zinyalala anamangidwa pa lamulo limeneli. Lamulo la maiko a European Union la mu 1999 limati pansi pa zinyalala wamba pakhale nthaka yotchinga yochindikala mita imodzi, ndipo pansi pa zinyalala zoopsa pakhale mamita 5. Lamulo la ku America la mu 1991 limafuna dongo lotsendereka la masentimita 60 ndi chinsalu cha pulasitiki pamwamba pake. Malamulo onsewa amagwirizana pa muyeso umodzi wa kulimba kwa dongolo, womwe tikaumasulira m'chinenero cha tsiku ndi tsiku ukutanthauza kuti madzi asadutsemo opitirira masentimita atatu pa chaka.

Njira yachiwiri ndi imene asayansi amaitcha diffusion, ife tiziti kufalikira. Chodabwitsa n'chakuti lamulo lake linatuluka chaka chimodzi chokha lamulo la Darcy lisanatuluke. Adolf Fick, Mjeremani amene ankagwira ntchito ya zachipatala ku Zürich, analilemba mu 1855 atayesa mmene mchere umakwerera m'madzi odikha. Malamulo awiriwa ndi amsinkhu umodzi, koma kwa zaka zoposa 100 omanga madamu ndi maenje ankalabadira la Darcy lokha.

Kufalikira kumachitika chifukwa palibe kanthu ka m'madzi kamene kamakhala phee. Ayoni iliyonse imangogwedezeka, kugundana ndi tinthu ta madzi, kubwerera m'mbuyo, kupita cham'mbali, popanda kumene ikulowera. Taganizani za nkhuku zodzaza m'khola, khomo n'kutsekulidwa, kunja kuli bwalo lopanda kanthu. Palibe nkhuku imene yauzidwa kuti ituluke, ndipo ina ikatuluka imatha kubwereranso. Koma popeza m'kati muli zambiri ndipo kunja mulibe, zotuluka zimachuluka kuposa zolowa, mpaka nkhuku zitabalalika ponseponse mofanana. Maayoni amatero. Amachoka kumene achuluka kupita kumene achepa, ndipo kusiyanako kukakula, kuyendako kumakulanso. Ndilo lamulo la Fick limenelo. Silifuna kuti madzi ayende. Limangofuna kuti timipata ta m'dongo tikhale ndi madzi, ndipo dongo la pansi pa zinyalala limakhala lonyowa nthawi zonse.

Apa pali mfundo imodzi yofunika kuigwiritsa. Mtunda umene maayoni amafika suwonjezeka molingana ndi nthawi. Kuti afike mtunda wowirikiza kawiri pamafunika nthawi yowirikiza kanayi, ndipo kuti afike mtunda wowirikiza ka 10 pamafunika nthawi yowirikiza ka 100. Amayi amene amalenga nyama m'timizere topyapyala asanaithire mchere amadziwa zimenezi ngakhale sanawerengepo Fick: kamzere kamalowa mchere tsiku lomwelo, pamene nthuli yaikulu imayamba kuwola m'kati mchere usanafikemo. Kwa wosunga nyama zimenezi ndi vuto, koma kwa woyala dongo ndi mwayi, chifukwa kuwonjezera kuchindikala kwa dongo kawiri kumamupatsa zaka zowirikiza kanayi.

Tiyeni tiikepo manambala. M'dongo lotsendereka, kolorayidi amafalikira mochedwa pafupifupi kanayi poyerekeza ndi m'madzi okhaokha, chifukwa njira zake n'zokhotakhota ndi zopanikizika. Tikawerengera ndi liwiro limeneli, pakatha chaka chimodzi, pa masentimita 18 kuchokera pamwamba pa dongo mchere umakhala utafika gawo limodzi mwa magawo atatu a mchere wa mu msuzi. Pakatha zaka 4 malo amenewa amakhala atasunthira pa masentimita 35, pakatha zaka 16 pa masentimita 70, ndipo pakatha zaka 32 pa mita imodzi. Maayoni otsogola amakhala ali patsogolo kuwirikiza kawiri mitunda imeneyi, ngakhale amakhala ochepa. Tanthauzo lake n'lakuti dongo la mita imodzi, lopanda mng'alu ngakhale umodzi, limayamba kutulutsa mchere kunsi kwake zaka 10 zisanathe.

Dongo lenilenilo

Kuti timve chifukwa chake maayoni sayenda mofanana, tiyenera kuliyang'anitsitsa dongo. Mchenga ndi timiyala tobulungira. Dongo ndi timapepala topyapyala kwambiri tosanjikizana, ndipo kambewu kake sikafika ngakhale magawo awiri mwa magawo 1,000 a milimita. Mtundu wina wa dongo, wotchedwa montmorillonite potengera tauni ya Montmorillon ku France, uli ndi timapepala topyapyala moti tikanati tiyale nkhope zonse za magalamu 10 okha, zikanakuta bwalo lonse la mpira.

Nkhope zimenezi zili ndi mphamvu ya mainasi. Izi zimachitika chifukwa pamene dongo linkapangika, maatomu ena analowa m'malo mwa anzawo, mwachitsanzo maginiziyamu m'malo mwa aluminiyamu, ndipo mphamvu ya pulasi inaperewera. Kupereweraku n'kwamuyaya, sikutsukika ndi madzi. Motero kapepala kalikonse ka dongo kamakoka maayoni a pulasi ndi kukankha a mainasi.

Ayoni ya pulasi ikalowa m'dongo imayenda pang'ono, n'kugwidwa pankhope ya kapepala, kenaka n'kumasuka, n'kugwidwanso patsogolo. Ulendo wake uli ngati wa munthu wodziwika amene akudutsa m'mudzi wa abale ake: nyumba iliyonse amuimitsa, amupatsa mpando. Sodiyamu amagwidwa mofooka, choncho amachedwa pang'ono chabe. Potaziyamu ndi amoniyamu amagwidwa zolimba. Mtovu, zinki ndi kopa amagwidwa zolimba koposa, ndipo nthawi zambiri amasanduka timibulu tosasungunuka akakumana ndi laimu kapena salifa wa m'nthaka. Komabe malo okhala pankhope za dongo ali ndi malire, ndipo sakhala opanda eni. Ayoni yatsopano ikakhala pansi, ina imene inalipo kale imanyamuka. N'chifukwa chake chizindikiro choyamba chakuti msuzi ukubwera nthawi zina sichikhala chinthu chochokera m'zinyalala, koma kashiamu ndi maginiziyamu wa m'dongo momwemo amene wathamangitsidwa ndi sodiyamu.

Kolorayidi alibe womuimitsa. Dongo limamukankha, choncho amadutsa pakati pa timipata osakhudza makoma. Zotsatira zake ndi ziwiri, ndipo poyamba zimaoneka ngati zikutsutsana. Popeza sagwidwa, ndiye amayamba kufika kutsidya. Koma popeza saloledwa kuyandikira makoma, timipata tina topanikizika kwambiri timamutsekera kunja, ndipo njira zimene zimamutsalira n'zochepa. Amafika msanga, koma amadutsa ochepa pa nthawi imodzi. Dongo likatsenderedwa kwambiri, timipata totsekedwa timachuluka. Mfundo imeneyi tidzaionanso tikafika pa zinyalala za nyukiliya.

Si dongo lonse lili ndi mphamvu yofanana. Dongo la mtundu wa kaolinite, lomwe ndi lofala m'nthaka yofiira ya katondo, limagwira maayoni ochepa, mwina gawo limodzi mwa magawo 10 a amene montmorillonite amagwira. Makande akuda a m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ali ndi dongo la m'banja la montmorillonite, n'chifukwa chake amafufuma m'dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe mpaka phazi la mwana kulowa. Kung'alukako ndiye mdani wamkulu wa chotchinga chilichonse. Zonse zimene tikufotokoza m'nkhani ino zimagwira ntchito pokhapokha dongo lili lathunthu. Mukakhala mng'alu, madzi amangodutsa, ndipo kuwerengera za kufalikira kumakhala kutaya nthawi. Pa chifukwa chimenechi omanga amayala dongo m'magawo a masentimita pafupifupi 15, lili lonyowa pang'ono kuposa mmene likanafunikira pomanga msewu, n'kuliponda ndi chimakina cha mano chimene chimalikanya monga woumba mbiya amakanyira dongo lake. Akamaliza amalikwirira msanga dzuwa lisanaliumitse.

Zimene anapeza ku Ontario

Umboni woonekeratu wakuti kufalikira si nkhani ya m'mabuku chabe unachokera m'chigawo cha Ontario ku Canada. Pafupi ndi mzinda wa Sarnia pali dzala lakale la mumsewu wa Confederation, limene linakumbidwa m'dongo lachilengedwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Robert Quigley ndi anzake a pa University of Western Ontario anakhala akuboola pansi pa zinyalalazo kwa zaka zambiri, kutenga dongo, kulifinya ndi kuyeza madzi ake sentimita ndi sentimita. Patatha zaka pafupifupi 15, kolorayidi ndi sodiyamu anali atalowa kupitirira mita imodzi. Mtovu, zinki ndi kopa anali asanapitirire masentimita 20. Madzi a m'dongolo ankayenda pang'ono kwambiri moti sakanatha kunyamula mchere mtunda wonsewo. Kuchuluka kwa mchere kunkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kupita pansi, ndendende monga lamulo la Fick limanenera.

Wina akanati limenelo linali dongo lachilengedwe, lotsenderedwa ndi makina lingachite bwino. Yankho linachokera ku Keele Valley, kumpoto kwa Toronto, dzala lalikulu la mahekitala 99 limene linalandira zinyalala kuyambira 1983 mpaka kumapeto kwa 2002. Malowa poyamba ankakumbapo mchenga ndi miyala, kutanthauza kuti pansi pake madzi amayenda mosavuta. Choncho anayalapo dongo lotsendereka losachepera mita 1.2, ndipo analilimbitsa ka 10 kuposa muyeso wamba uja, kuti madzi asadutse opitirira mamilimita atatu pa chaka. Pa muyeso umenewu, madzi oyenda m'timipata akanasuntha mchere masentimita osakwana 5 pa zaka zinayi. Atafukula mbali ina ya dongolo patatha zaka zinayi ndi miyezi itatu, anapeza kolorayidi atalowa kupitirira theka la mita. Dongo linagwira ntchito imene analiyalira, madzi linawatchinga. Mchere unadutsa njira ina.

Apa m'pamene pali phunziro lovuta kwa mainjiniya. Kutsendera dongo kumatha kuchepetsa kuyenda kwa madzi ka 100 kapena ka 1,000, koma kufalikira kumangochepa pang'ono. Pamafika poti kuwonjezera kutsendera sikuthandizanso kanthu, chifukwa pafupifupi zonse zimene zikudutsa zikudutsa mwa kufalikira. Ngakhale kumanga dzala mwakuti madzi a pansi azilowa m'dzenje m'malo motuluka, njira imene inayesedwa ku Ontario komweko, sikuthetsa nkhaniyi kotheratu: madzi olowawo akakhala aulesi, maayoni amatha kufalikira mobwerera, kukwera mtsinje.

Funso lotsatira ndi lakuti mchere wodutsawo ndi wochuluka bwanji. Tiyerekeze msuzi wokhala ndi magalamu awiri a kolorayidi pa lita, zomwe si zachilendo, pamwamba pa dongo la mita imodzi limene gawo limodzi mwa magawo atatu ndi timipata. Kufalikira kukakhazikika, lamulo la Fick limapereka magalamu pafupifupi 11 pa sikweya mita pa chaka. Zikumveka zochepa, koma pa hekitala ndi makilogalamu 110, kuposa matumba awiri a feteleza, chaka chilichonse. Kaya zimenezi ziononga chitsime kapena ayi zimadalira madzi a pansiwo. Akakhala ambiri ndi oyenda, mcherewo umasungunukiramo osafika pa mamiligalamu 250 pa lita, pamene madzi amayamba kumveka mchere pakamwa. Akakhala ochepa ndi odikha, umaunjikana. Ndiye chifukwa chake dongo lofanana likhoza kukhala lokwanira pamalo ena ndi loperewera pamalo ena, ndipo lamulo longotchula kuchindikala kwa dongo osafunsa za pansi pake limakhala losakwanira.

Chinsalu cha pulasitiki chimene amayala pamwamba pa dongo, chochindikala milimita imodzi ndi theka kapena ziwiri, chimathandiza kwambiri pa mbali imeneyi, chifukwa maayoni salowa m'pulasitiki wotere. Koma nachonso chili ndi chofooka chake. Mankhwala ena osungunulira penti ndi mafuta, amene alibe mphamvu ya magetsi, amalowa m'pulasitikimo ndi kutulukira kuseri m'masiku kapena masabata ochepa, ndipo amene amawachedwetsa ndi dongo la pansi lija. Pulasitiki amabookanso poyala, ndipo amakalamba. Dongo ndi pulasitiki zimaphimbirana zofooka, ndipo pamwamba pa zonsezi pamakhala miyala ndi mapaipi okoka msuzi kuti usadikhe kupitirira masentimita 30. Kukoka msuziko kuli ndi phindu lina limene siliganiziridwa kawirikawiri: lita iliyonse yochotsedwa imachoka ndi mchere wake, ndipo pakapita zaka msuzi wotsala umasukuluka. Mpikisano weniweni uli pamenepa, pakati pa zaka zimene zinyalala zimatenga kuti zisukuluke ndi zaka zimene maayoni amatenga kuti adutse.

Kuno kwathu, malo monga Mzedi ku Blantyre ndi Area 38 ku Lilongwe anayamba ngati malo ongotayirapo zinyalala, osati maenje oyalidwa mwa njira imene tafotokozayi. Tsiku limene mizinda yathu idzamange malo oyalidwa bwino, dongo lidzachokera m'madambo athu omwewa, ndipo kudzafunika kuliyeza pa zinthu ziwiri, kuyenda kwa madzi ndi kufalikira kwa mchere. Kuyeza kwachiwiriku sikufuna makina odula. Amadula kachidutswa ka dongo kobulungira ngati chitumbuwa, n'kukaika pakati pa zibotolo ziwiri, china cha madzi amchere, china cha madzi oyera, n'kumayeza madzi oyerawo sabata ndi sabata. Tsiku limene mchere wayamba kuoneka limasonyeza mmene dongo limagwirira ayoniyo, ndipo liwiro limene ukuchulukira pambuyo pake limasonyeza kukula kwa njira. Chimene chimafunika kwambiri ndi kudekha, poti maayoni ogwidwa zolimba amatha miyezi kapena zaka asanaoneke.

Zinyalala za nyukiliya

Zinyalala za mumzinda zimafuna kutchingidwa zaka makumi kapena mazana angapo. Mafuta otha ntchito a m'malo opangira magetsi a nyukiliya amafuna zaka 100,000 kapena kuposerapo. Pa nthawi yotalika chotere palibe mpope kapena pulasitiki amene angadaliridwe, choncho maiko amene afika patali pa nkhaniyi anabwerera ku dongo ndi thanthwe.

Ku Finland, pachilumba cha Olkiluoto, kampani ya Posiva inayamba mu 2004 kukumba malo otchedwa Onkalo, akuya mamita oposa 400 m'thanthwe. Njira imene anasankha inakonzedwa ku Sweden ndipo imatchedwa KBS-3. Mafuta otha ntchito amatsekeredwa m'chimgolo chachitsulo chokutidwa ndi kopa wochindikala masentimita 5. Chimgolocho chimaikidwa m'dzenje lobooledwa m'thanthwe, ndipo mpata wa masentimita pafupifupi 35 pakati pa chimgolo ndi thanthwe umadzazidwa ndi dongo lotchedwa bentonite, limene mbali yake yaikulu ndi montmorillonite uja. Boma la Sweden linavomereza mu 2022 kumanga malo ofanana ku Forsmark.

Bentonite amaumbidwa m'zidina zouma pogwiritsa ntchito makina opanikiza mwamphamvu. Madzi a m'thanthwe akamufika amafuna kufufuma, koma popeza alibe kopita, amakankha makoma ndi kutseka mng'alu uliwonse. Khalidwe limene limang'amba makande padzuwa ndi lomwelo limene limatseka mipata pansi pa nthaka pamene kulibe dzuwa. Madzi amayenda m'dongo lotere mochedwa ka 1,000 kapena kuposa poyerekeza ndi dongo la pansi pa dzala wamba. Kunena zoona, cholinga cha okonza malowa n'chakuti kufalikira kukhale njira yokhayo yoyendera. Chimene ku Keele Valley chinaoneka ngati vuto, kuno ndicho chimafunidwa, chifukwa kufalikira n'kochedwa ndipo kumawerengeka. Kumagwiranso ntchito mbali zonse ziwiri: kumachedwetsa zotuluka chimgolo chikadzabooka, komanso kumachedwetsa maayoni a salifa ochokera m'thanthwe amene amadya kopa.

Pano kuchedwa kuli ndi phindu limene kulibe pa zinyalala wamba. Mtovu ndi mtovu mpaka kalekale, koma maatomu a nyukiliya amatha mphamvu okha. Caesium-137 amataya theka la mphamvu yake pa zaka 30 zilizonse, ndipo strontium-90 pa zaka pafupifupi 29. Pakatha zaka 300 amatsala gawo limodzi mwa magawo 1,000. Onsewa ndi maayoni a pulasi amene dongo limawagwira, choncho ambiri amafera m'njira. Plutonium ndi americium, amene anthu amawaopa kwambiri, amasungunuka movutikira m'madzi opanda mpweya a pansi pa nthaka, ndipo akasungunuka amamatirira padongo zolimba moti sayenda mtunda wodziwika.

Amene amasowetsa tulo akatswiri ndi ena, osatchuka n'komwe. Ayodini-129 amataya theka la mphamvu yake pa zaka 15.7 miliyoni, ndipo kolorini-36 pa zaka pafupifupi 300,000. M'madzi onsewa amakhala maayoni a mainasi, abale ake a kolorayidi wa m'ndiwo uja. Dongo siliwagwira, ndipo nthawi siiwatha. Pa kuwerengera kwa chitetezo kumene kwachitika ku France ndi ku Switzerland, maayoni a mainasi amenewa ndi amene amaoneka kuti adzafika kumtunda patapita zaka zikwi mazanamazana, ngakhale pa mlingo wochepa kwambiri. Chimene chimawachepetsa ndi kukankhidwa kuja. Mu bentonite wopanikizidwa kwambiri, madzi ambiri amakhala pakati pa timapepala, m'mipata yokwana timagulu tiwiri kapena titatu tokha ta tinthu ta madzi, ndipo mmenemo ayoni ya mainasi siloledwa. Imatsala ndi kachigawo kochepa ka njira zonse.

Maayoni a pulasi ali ndi chodabwitsa chawo. Poyeza mu bentonite wopanikizidwa, sodiyamu ndi strontium amapezeka akudutsa ochuluka kuposa mmene timipata tokha tingalolere. Kufotokoza kumene ambiri amavomereza n'kwakuti maayoni ounjikana pankhope za dongo samangidwa malo amodzi. Amatsetsereka m'mbali mwa nkhopezo, motero makoma amene amawachedwetsa poyamba amasandukanso msewu wawo. Mchere wa m'madzi a m'thanthwe umasinthanso zinthu. Madzi akakhala amchere kwambiri, mphamvu ya nkhope za dongo siifika patali, njira za maayoni a mainasi zimatseguka, ndipo kufufuma kumachepa. Akakhala opanda mchere konse, monga madzi osungunuka ku chipale chimene chidzakutenso Finland ndi Sweden m'tsogolo, bentonite amatha kusungunuka pang'onopang'ono n'kukokoloka kudzera m'ming'alu ya thanthwe. Kutentha nakonso kumafulumizitsa kufalikira ndipo kungasinthe dongolo, n'chifukwa chake migolo imatalikitsidwa kuti bentonite asafike madigiri 100.

France ndi Switzerland anasankha kuti thanthwe lenilenilo likhale dongo. Ku France akukonzekera kuika zinyalala zawo pafupi ndi mudzi wa Bure, mamita pafupifupi 500 pansi, m'dongo louma ngati mwala lochindikala mamita oposa 100. Ku Switzerland bungwe la Nagra linasankha mu 2022 dera la Nördlich Lägern, kumene kuli dongo lotchedwa Opalinus. Apa lamulo la kuwirikiza lija limaonetsa mphamvu yake yonse. Mamita 50 a dongo amatenga nthawi yowirikiza ka 2,500 poyerekeza ndi mita imodzi, ndipo m'dongo lolimba chotere maayoni a mainasi amafalikira mochedwa ka 10 kapena kuposa poyerekeza ndi dongo la pansi pa dzala.

Munthu angafunse kuti kuyeza kwa miyezi ingapo m'chipinda kungatiuze bwanji za zaka miliyoni. Yankho lina lili ku Mont Terri, m'mapiri a Jura ku Switzerland, kumene asayansi akhala akuyeza dongo la Opalinus m'ngalande ya pansi pa phiri kuyambira 1996. Dongoli linadikha pansi pa nyanja zaka zoposa 170 miliyoni zapitazo, ndipo m'timipata take mudakali madzi amchere akalekale. Pamwamba ndi pansi pake pali miyala ya laimu imene madzi opanda mchere anayamba kuyendamo phirilo litakwera ndi kukokoloka. Kuyambira nthawi imeneyo kolorayidi wakhala akufalikira kuchoka m'dongo kupita ku miyala ya m'mbaliyo. Ataboola ndi kuyeza kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, anapeza mchere wochuluka cham'kati, ukucheperachepera kulowera m'mphepete monsemo. Atawerengera ndi liwiro limene anayeza pa tizidutswa tating'ono m'chipinda, anapeza kuti mchere ungafike poyalana chotere pa zaka mamiliyoni angapo, ndipo zakazo zikugwirizana ndi nthawi imene akatswiri a miyala amati madzi opanda mchere anafika m'miyala ya laimuyo. Pakati pa dongolo, madzi akadali ndi kolorayidi woposa theka la wa m'nyanja yamchere.